Phindu la kukonzekera phunziro kwa mphunzitsi wongoyamba kumene ntchito

Nthawi iliyonse boma likalemba ntchito aphunzitsi a sukulu za pulayimale, m'zoni zingapo za boma lathu lino mumafika nkhope zachilendo. Awa ndi anyamata ndi atsikana amene anamaliza maphunziro awo m'makoleji a zauphunzitsi monga a Lilongwe, Kasungu, Machinga, Karonga, Blantyre ndi ena otero, ndipo tsopano apatsidwa kalasi yawoyawo. Amafika ndi chikwama kumanja, matiresi atamangidwa pakabaza, mtima uli wodzaza ndi chidwi. Komatu pakangodutsa masabata atatu kapena anayi, ena mwa iwo amayamba kuoneka olefuka. Mawu amakhala atasasa chifukwa chokalipa, ndipo belu lowerukira amalidikira ngati mlimi wodikira mvula yoyamba. Anzawo ena, amene anaphunzira nawo koleji imodzi n'kupatsidwa kalasi yodzaza chimodzimodzi, amaoneka okhazikika, ndipo ana awo amathamangira kukakhala pansi mphunzitsi asanafike n'komwe pakhomo.

Zifukwa za kusiyana kotereku n'zambiri, ndipo zina mphunzitsi sangathe kuzisintha. Koma aphunzitsi aakulu ndi alangizi a maphunziro amene ayenda m'makalasi kwa zaka zambiri amadziwa kuti kawirikawiri kusiyanako kumayambira m'kope limodzi, lija mphunzitsi amalembamo chikonzero cha phunziro. Tikambepo za kope limeneli, chifukwa chitukuko cha maphunziro chimene khonsolo, mafumu ndi makolo akuumbira njerwa ndi kututira mchenga chimakathera m'mphindi 35 zimene mphunzitsi amaima pamaso pa ana.

Chikonzero sichiyenda chokha

Zophunzitsa za sukulu za pulayimale m'dziko muno zimakonzedwa ndi bungwe la Malawi Institute of Education ku Domasi m'boma la Zomba. Kumeneko n'kumene kumachokera silabasi, buku la mphunzitsi ndi buku la ophunzira. Silabasi imanena zimene mwana wa sitandade yakutiyakuti ayenera kudziwa ndi kutha kuchita pofika kumapeto a chaka. Mphunzitsi amatenga zimenezi n'kuzigawa m'masabata a teremu, ndipo kugawa kumeneku ndiko timati sikimu. Kuchokera m'sikimu, amatapa kagawo ka tsiku limodzi n'kulongosola mmene akakaphunzitsire, sitepe ndi sitepe: ichi ndicho chikonzero cha phunziro. Sabata ikatha, amalemba m'malekodi zimene waphunzitsadi, mmene ana achitira, ndi zimene zatsalira. Zinayi zimenezi zili ngati mafuwa ndi mphika. Chimodzi chikapendekeka, chakudya chimatayikira pamoto.

M'chikonzero chenichenicho mumalembedwa sitandade, tsiku, nthawi, phunziro ndi mutu wake. Kenaka pamabwera zizindikiro za kakhonzedwe, zomwe ndi zinthu zooneka zimene ophunzira ayenera kutha kuchita phunziro likamatha. Kalembedwe aka kanakhazikika kwambiri pamene maphunziro a pulayimale anasinthidwa kuyambira m'chaka cha 2007 pansi pa ndondomeko ya PCAR, imene inatembenuza maso a mphunzitsi kuchoka pa zimene iye wanena kupita pa zimene mwana watha kuchita. Pambuyo pake pamalembedwa zipangizo, njira zophunzitsira, chiyambi cha phunziro, masitepe ake, mathero, ndipo kumunsi kumasiyidwa malo a ndemanga imene mphunzitsi amalemba ataphunzitsa kale. Mphunzitsi aliyense wochoka ku koleji amaudziwa pamtima mndandanda umenewu. Chimene ambiri amachizindikira mochedwa n'chakuti phindu la chikonzero silili m'mitu yolembedwayo ayi, koma m'kuganiza kumene munthu amachita polemba.

Chifukwa chake nkhaniyi ndi yaikulu kwa ife

M'chaka cha 1994 dziko lino linayamba maphunziro aulere a pulayimale. Chiwerengero cha ophunzira chinakwera mwadzidzidzi kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo boma linakakamizika kulemba masauzande a aphunzitsi osaphunzira ntchito, amene anadzaphunzitsidwa ali kale m'kalasi kudzera m'ndondomeko ya MIITEP. Kuyambira nthawi imeneyo, makalasi odzaza akhala mbali ya moyo wa sukulu zathu. Cholinga cha boma n'chakuti mphunzitsi mmodzi aziyang'anira ophunzira 60, koma aliyense amene anasuzumirako m'sitandade 1 kapena 2 pasukulu ya kumudzi akudziwa kuti ana oposa 100 m'chipinda chimodzi, kapena pansi pa mtengo wa mango, si chinthu chachilendo. M'kalasi ya ana 25, mphunzitsi wanzeru akhoza kulowa osakonzekera n'kupulumuka chifukwa cha kuchenjera pakamwa. M'kalasi ya ana 110 zimenezo sizitheka. Akangotembenuka kwa kamphindi kufunafuna tsamba m'buku, kumbuyo kwayambika kale ndewu yolimbirana pensulo.

Palinso china. Maphunziro a zauphunzitsi a IPTE amatenga zaka ziwiri: materemu awiri ku koleji, materemu awiri kusukulu yoyeserera kuphunzitsa, kenaka materemu awiri omaliza kubwereranso ku koleji. Pa nthawi yoyeserera ija, wophunzira ntchito amakhala ndi mphunzitsi womuthandiza, ndipo aphunzitsi a ku koleji amabwera kudzamuona. Chikonzero amachilemba mosamala chifukwa akudziwa kuti chipatsidwa malikisi. Koma ambiri akamaliza maphunziro amakhala pakhomo nthawi yaitali, ena zaka zingapo, kudikira kuti alembedwe ntchito. Pofika tsiku lolandira kalasi, dzanja limakhala litaiwala choko, ndipo palibenso wina wokhala kumbuyo ndi cholembera. Apa mpamene chizolowezi chokonzekera chimakhazikika kapena kufa. Akulu anati mmera mpoyamba, ndipo zimene mphunzitsi azolowera m'teremu yake yoyamba n'zimene amayenda nazo mpaka kupuma pantchito.

Phunziro limodzi la masamu

Kuti zimveke bwino, tiyerekeze aphunzitsi awiri a sitandade 3, aliyense ali ndi ophunzira 100, ndipo onse akuphunzitsa kuchotsera kobwereka, mwachitsanzo 52 kuchotsera 27. Nthawi yawo ndi mphindi 35.

Woyamba waona mutuwo m'sikimu mmawa womwewo ali pa mzere. Samu yotere iye amaidziwa kuyambira ali mwana, choncho sakuona chovuta. Walowa, walemba nambala pabolodi, wafotokoza kuti 2 sangachotsere 7 ndiye tibwereka 1 kwa 5, wapeza 25, wafunsa ngati onse amva, ndipo kalasi yonse yayankha mokweza kuti inde. Wapereka masamu asanu. Pochonga wapeza kuti ana ambiri alemba 35. Wakwiya, wabwerezanso kufotokoza komwe kuja ndi mawu okwera, ndipo belu lalira. Akupita kunyumba akudandaula kuti ana a kuno ndi ogona.

Wachiwiri anakhala pansi ndi buku la mphunzitsi masiku awiri phunzirolo lisanafike. Polemba zizindikiro za kakhonzedwe, anadzifunsa kuti mwana amene wamvetsa adzachita chiyani chimene ine ndingachione ndi maso. Yankho lake linali lakuti adzatha kumasula teni imodzi kukhala mawani khumi, n'kuchotsera molondola. Atatero anaiwerengera yekha samuyo ngati mwana wa zaka zisanu ndi zitatu, ndipo pomwepo anaona msampha: mwana akaona 2 pamwamba ndi 7 pansi, amangochotsera yaing'ono kwa yaikulu n'kupeza 5, kenaka 5 kuchotsera 2 n'kupeza 3, yankho n'kukhala 35. Mwana woteroyo si wogona ayi. Akutsata lamulo limene wakhala akuligwiritsa ntchito chiyambire, lakuti chaching'ono ndicho chimachoka m'chachikulu. Atazindikira zimenezi, mphunzitsiyu anadziwa kuti kufotokoza ndi pakamwa pokha sikuthandiza, ana ayenera kugwira ndi manja.

Tsiku lomwelo anauza mwana aliyense kuti mawa abwere ndi timitengo khumi titamangidwa ndi luzi kapena kachingwe ka thumba la feteleza. Ana 100 anabweretsa timitengo 1,000 popanda kutaya ngakhale tambala imodzi. Iyi ndiyo njira imene aphunzitsi amaitcha TALULAR, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwepo, ndipo imatheka pokhapokha munthu akaganiza nthawi ikadalipo, pakuti timitengo sitingasonkhanitsidwe belu litalira kale. Anagawa ana m'magulu khumi, nasankha mtsogoleri wa gulu lililonse woti adzatenge mitolo kutsogolo, kuti kugawa zipangizo kusadye theka la phunziro.

Nthawi anaigawa chotere: mphindi zisanu zokumbutsana mateni ndi mawani, mphindi zisanu ndi zitatu zoonetsa iye mwini, mphindi khumi za magulu, mphindi zisanu ndi zitatu za mwana aliyense payekha m'kope lake, ndi mphindi zinayi za mathero. Poonetsa, anaika mitolo isanu ndi timitengo tiwiri patebulo, naitana mtsikana wina kuti achotsepo timitengo tisanu ndi tiwiri pa tiwiri tija. Mwanayo anaima, nayang'ana anzake, kalasi n'kuseka. Mphunzitsi anafunsa kuti, "Nanga titani?" Kumbuyo kunamveka mawu akuti timasule mtolo umodzi. Anamasula, patebulo panatsala mitolo inayi ndi timitengo 12. Atachotsa 7 panatsala 5, atachotsa mitolo iwiri panatsala iwiri, ndipo 25 anaonekera poyera aliyense akuona. Pokhapo mpamene analemba pabolodi, akudula 5 kulemba 4, ndi kuika 1 pambali pa 2, kuti ana aone kuti cholembedwacho ndi chithunzi cha zimene manja achita.

Sitikunena kuti ana onse 100 anakhoza. Mwina 30 analembabe 35. Koma mphunzitsiyu ankayembekezera cholakwa chimenechi, choncho poyenda pakati pa magulu ankadziwa choyang'ana, ndipo m'malo a ndemanga analemba kuti magulu awiri a kumbuyo sanamasule mtolo, mawa ayambire pamenepo ndi 41 kuchotsera 16. Aphunzitsi awiriwa ali ndi satifiketi yofanana, malipiro ofanana ndi ana ofanana. Wina wabwerera kunyumba ndi mkwiyo, mnzake wabwerera ndi poyambira mawa.

Zimene mphunzitsi mwini amapindula

Kawirikawiri nkhani ya chikonzero imakambidwa ngati lamulo, ndipo n'zoona kuti ndi lamulo. Pa mfundo 26 za miyezo ya maphunziro zimene unduna unakhazikitsa m'chaka cha 2015, zomwe oyendera sukulu amagwiritsa ntchito, imodzi imanena za maphunziro okonzedwa bwino. Koma chinthu chochitidwa chifukwa choopa woyendera chimachitidwa tsiku limene woyenderayo akubwera basi. N'kofunika kuti mphunzitsi watsopano aone zimene iye mwini amakolola.

Choyamba ndi mtendere wa mumtima. Mantha aakulu a munthu wongoyamba kuphunzitsa ndi kuuma pakamwa pakati pa phunziro, zonena zitatha nthawi ikadalipo, maso 200 akumuyang'ana. Wokonzekera amadziwa chotsatira, ndipo chifukwa chakuti mutu wake sukutanganidwa ndi kufunafuna chonena, maso ake amamasuka kuona ana. Amaona amene akusinza chifukwa cha njala, amene alibe cholembera koma akuchita manyazi kunena, ndi amene wamaliza msanga ndipo watsala pang'ono kuyamba kusokoneza anzake. Kusunga mwambo m'kalasi, kumene aphunzitsi atsopano ambiri amati ndiko kumawavuta koposa, mbali yake yaikulu ndi nkhani ya kukonzekera. Ana amachita phokoso m'mipata ija imene sakudziwa choti achite. Mphunzitsi akatseka mipata imeneyi, chilakolako chogwira ndodo, chomwe ndi choletsedwa ndiponso chimathamangitsa ana kusukulu, chimachepa chokha.

Chinanso, chimene ambiri safuna kuchivomereza poyera, ndi chakuti mphunzitsi wa pulayimale amaphunzitsa maphunziro ochuluka, ndipo palibe munthu amene amawadziwa onse mofanana. Wina anali katswiri wa Chingerezi ku sekondale koma masamu a mafulakishoni ankamuzunguza mutu. Wina amadziwa zaulimi koma sanaimbepo nyimbo pagulu, pamene phunziro la Expressive Arts likumudikira. Kukonzekera ndiko kumaulula msanga pamene munthu wapelewera, iye ali yekha m'nyumba, nthawi yofunsa mnzake ikadalipo. Safunsa anadya phula. Kuli bwino kugogoda pakhomo pa mphunzitsi wa sitandade 7 madzulo n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, tandithandizani apa," kusiyana n'kuphunzitsa ana zolakwika zimene adzazinyamula mpaka pa mayeso a MANEB a sitandade 8. Ndipo amene amachita zimenezi kwa chaka chimodzi amapezeka kuti wadziphunzitsa yekha silabasi yonse ya kalasi yake.

Ophunzira ena amaoneka kokha ngati mphunzitsi anawaganizira asanalowe m'kalasi. Mwana wachialubino nthawi zambiri saona bwino patali, choncho ayenera kukhala kutsogolo, pamalo popanda kuwala kothobwa m'maso, ndipo zolemba zake zikhale za malembo akuluakulu. Mwana wovutika kumva ayenera kuona pakamwa pa mphunzitsi, kutanthauza kuti mphunzitsiyo asamalankhule atayang'ana kubolodi. Mwana amene kwawo amalankhula Chiyao, Chisena, Chilomwe kapena Chitumbuka akhoza kusokonezeka ndi liwu limene mphunzitsi akuliyesa lodziwika kwa aliyense. Mu sitandade 5, pamene maphunziro ambiri amaphunzitsidwa m'Chingerezi, pafupifupi kalasi yonse imasanduka alendo, ndipo mphunzitsi amene sanasankhiretu mawu atatu kapena anayi oti awamasulire bwino amalankhula yekha kwa mphindi 35. Zonsezi sizibwera m'mutu pamene munthu waima kale kutsogolo. Zimabwera pamene akulemba, n'kudzifunsa kuti kodi uje ndi uje achita chiyani pa sitepe imeneyi.

Tisaiwalenso nyengo. Teremu yachiwiri imagwera m'dzinja, pamene mitsinje imadzaza, malungo amachuluka, ndipo m'mabanja ambiri nkhokwe zimakhala zitapepuka. Ana amajomba, ena amafika mochedwa, ndipo kalasi ya pansi pa mtengo imabalalika mtambo ukangoda. Pasukulu zimene ana amalandira phala, nthawi yogawa phalalo imadyako gawo la mmawa. Mphunzitsi amene ali ndi sikimu ndi zikonzero zosungidwa bwino amadziwa mitu imene yaphonyedwa ndi ana amene anaiphonya, ndipo amatha kusankha chimene sichingadumphidwe chifukwa mitu yotsatira yatsamira pa icho. Iye mwini akadwala kapena kukagwa maliro kwawo, mnzake womugwirira kalasi amatsegula kope n'kupitiriza, m'malo mongouza ana kuti aziwerenga mwakachetechete.

Phindu lomaliza limachedwa kuoneka koma ndi lokoma. Chaka choyamba n'cholemetsa chifukwa chilichonse n'chatsopano. Chaka chachiwiri, mphunzitsi amene anasunga makope ake, matchati ake ndi makadi a malembo m'katoni amayambira pamwamba. Ndemanga zija analemba kumunsi, zakuti chitsanzo chakuti ana sanachimve, kapena kuti ntchito ya magulu inatenga nthawi yaitali, zimasanduka mlangizi wake amene amamudziwa bwino kuposa wina aliyense.

Madandaulo amene ali ndi maziko

Tikanama tikanena kuti ntchitoyi ndi yopepuka. Pasukulu yochepa aphunzitsi, munthu mmodzi amaphunzitsa maphunziro onse a kalasi yake kuyambira mmawa mpaka kuweruka, ndipo phunziro lililonse likufuna chikonzero chake. Pamwamba pa izo pali makope oposa 100 oti achonge. Ambiri amakhala kutali ndi sukulu chifukwa nyumba za aphunzitsi n'zosakwana, amafika kunyumba dzuwa litapendeka, akatunge madzi, aphike, ndipo kuunika kwawo ndi tochi ya foni imene yatchajidwa pamsika. Munthu wotere akamauzidwa kuti azilemba masamba awiri pa phunziro lililonse, n'zosadabwitsa kuti amafunafuna njira yachidule.

Njira yachidule yodziwika ndi kukopera. Mphunzitsi amabwereka kope la mnzake la zaka zitatu zapitazo, kapena kulandira zikonzero zolembedwa kale pa WhatsApp, n'kusintha tsiku lokha. Mphunzitsi wamkulu amasaina, woyendera akabwera amapeza zonse zili m'malo, koma kopelo limakhala lotseka patebulo phunziro lonse. Kunena mosabisa, uku ndi kutaya nthawi kuposa kusalemba kumene, chifukwa dzanja latopa koma mutu sunagwire ntchito. Kuona chikonzero cha mnzako si kulakwa, ndipo wongoyamba amaphunzira zambiri potero. Cholakwika ndi kuchitenga osachifunsa mafunso. Mnzakoyo anali ndi ana 60, iwe uli ndi 120. Iye anali ndi mabuku okwanira, iwe buku limodzi akugawana ana asanu. Tsamba limodzi lolembedwa ndi munthu amene waganizira kalasi yake limaposa masamba atatu okongola okopera, ndipo aphunzitsi aakulu akadachita bwino kuyamikira tsamba limodzi loterolo m'malo mowerenga kutalika kwa zolemba.

Ena amafunsa za ndondomeko yowerenga ya National Reading Programme, imene inayamba m'chaka cha 2016 ndipo imakhudza Chichewa ndi Chingerezi m'sitandade 1 mpaka 4. M'mabuku a mphunzitsi a ndondomekoyi phunziro linalembedwa kale mwatsatanetsatane: mphunzitsi amayamba waonetsa yekha, kenaka amachitira limodzi ndi ophunzira, pomaliza ophunzira amachita okha. Ndiye kukonzekera n'kwachiyaninso? Yankho limaoneka m'kalasi. Mphunzitsi amene sanaliwerenge phunzirolo dzulo lake amaphunzitsa nkhope ili m'buku, akuwerenga malangizo mokweza ngati kalata ya kwa amfumu, ndipo ana amatayika. Amene analiwerenga amakhala atayeserera katchulidwe ka liwu la lembo, osasokoneza liwu ndi dzina la lembolo, wadula makadi, walemba mawu pabolodi ana asanalowe, ndipo nyimbo ya phunzirolo akuidziwa. Buku lamuchotsera mtolo wosankha masitepe, koma silidziwa kuti m'kalasi mwake muli ana angati, amene anajomba dzulo ndani, ndi kuti mabuku alipo angati. Zimenezo n'zake.

Pali njira zina zopeputsira katunduyu zimene aphunzitsi ozolowera amagwiritsa ntchito. Ambiri amakhalira pasukulu ola limodzi ana akaweruka, n'kukonzekera za mawa kuwala kukadalipo ndi mabuku ali pafupi, m'malo monyamula ntchito kupita nayo kunyumba. Ena amatenga Lachisanu masana kuyang'ana sabata yonse ikubwerayo, kuti adziwe zipangizo zoti ana abweretse. Pamene kalasi imodzi ili ndi aphunzitsi awiri kapena atatu, amagawana maphunziro ndi kukonzekera pamodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndipo si phunziro lililonse limene limafuna kuganiza kofanana. Mutu watsopano ndi wovuta, monga kubwereka kuja, uyenera kupatsidwa nthawi yokwanira, pamene phunziro lobwereza likhoza kukonzedwa m'mphindi zochepa.

Mbali ya atsogoleri ndi anthu a m'mudzi

Chiyambire pamene ndondomeko ya mphamvu ku anthu inakhazikitsidwa m'chaka cha 1998, maphunziro a pulayimale ndi imodzi mwa ntchito zimene zinaperekedwa m'manja mwa makhonsolo. Choncho mphunzitsi watsopano akalephera chifukwa chosowa womugwira dzanja, mlandu ndi wathu tonse. Mphunzitsi wamkulu ndi atsogoleri a zigawo za sukulu, kuyambira makalasi aang'ono mpaka aakulu, ali ndi udindo woona zikonzero. Kuona kumeneku kusamathere pa siginecha ndi chidindo. Funso limodzi lofunsidwa mwaulemu, monga lakuti, "Aphunzitsi, pa sitepe yachitatuyi ana azidzachita chiyani inu mukulemba pabolodi?" limaphunzitsa kuposa ndemanga ya inki yofiira. N'kwabwinonso kumupatsa wongofika kumene mphunzitsi wina wokhwima woti azikhala naye pansi kamodzi pa sabata m'teremu yoyamba, ndi kumulola kukaonerera phunziro la mnzakeyo. Chizolowezi chomupatsa mlendo kalasi ija aliyense akuikana, kawirikawiri sitandade 1 yodzaza koposa, n'kumusiya yekha, n'chimene chimafooketsa achinyamata ambiri ntchito isanawakomere.

Alangizi a maphunziro a m'zoni, amene timawadziwa kuti ma PEA, ali ndi mwayi pa misonkhano ya ku TDC. M'malo mwakuti tsiku lonse lithere pa zolengeza, aphunzitsi a sitandade imodzi ochokera sukulu zosiyanasiyana akhoza kukhala pamodzi, kukonza phunziro limodzi lovuta, mmodzi n'kuliphunzitsa anzake akuonerera, kenaka n'kukambirana pamene panavuta. Wongoyamba ntchito akaona kuti ngakhale mphunzitsi wa zaka 20 amasinthabe chikonzero chake, manyazi ofunsa amamuchoka.

Makomiti oyendetsa sukulu ndi a makolo ndi aphunzitsi nawonso asadzione ngati nkhaniyi siikuwakhudza. Pokonza ndondomeko ya chitukuko cha sukulu ndi kugawa ndalama za SIG zimene sukulu zimalandira kudzera ku khonsolo, zinthu zazing'ono monga makope a chikuto cholimba, mapepala a matchati, zolembera zake, choko ndi kabati yokhoma yosungiramo zipangizo siziyenera kubwera kumapeto kwa mndandanda. Tchati chimene mphunzitsi wachijambula usiku wonse chikadyedwa ndi chiswe kapena mbuzi chifukwa kalasi ilibe chitseko, sadzajambulanso china. Makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, posankha ntchito zoti zipite ku khonsolo kapena ku thumba la CDF, akumbukire kuti nyumba ya mphunzitsi pasukulu, yokhala ndi kasola kounikira, imabweza maola awiri kapena atatu amene amathera panjira tsiku lililonse. Ndipo inu makolo, mwana akabwera n'kunena kuti aphunzitsi akufuna timitengo khumi, zitsekerero za mabotolo, njere za bwemba kapena katoni yakale, musamukalipire kuti kusukuluko akungosewera. Mthandizeni kuzipeza madzulo omwewo, ndipo mawa lake akaweruka mumufunse kuti akuonetseni zimene anachita nazo.